Bokosi Lachitatu la a Shawa

Kuseri kwa msika wa Kabwata kuli kontena yobiriwira imene dzimbiri layidya m'munsi, ndipo mmenemo ndi mmene a Thandazani Shawa agwiriramo ntchito kwa zaka makumi awiri ndi mphambu. Si makanika ayi. Mukawatchula makanika amakuyang'anani ngati mwawaponda chala chabala. Makanika ndi aja amagona pansi pa galimoto n'kutulukako ali bii ndi oyilo. Iwo ndi munthu wa mabokosi, ndipo ntchito amagwira atavala shati yoyera, magalasi ali pamphuno, laputopu ili pamiyendo. Bokosi lake ndi kachitsulo kaphwatalala kaja kamabisala kuseri kwa dashibodi kapena pansi pa mpando, kamene kamauza injini mafuta oti imwe, nthawi yomwera, ndi pamene liwiro liyenera kulekezera. Anthu a mu Lusaka amati kompyuta bokosi. A Shawa amangoti bokosi basi.

Anabadwira cha ku Chipata, n'kubwera ku Lusaka kudzalumikiza mawaya a malole pa kampani ina ya ku Heavy Industrial Area. Pamene magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito a ku Japan anayamba kusefukira mumzinda, amakanika mitu inawazungulira. Galimoto yakana kulira, sipanala yagwira paliponse, koma kanyali kachikasu kakungoyakabe pa dashibodi. A Shawa ndiwo anayamba kutsegula mabokosiwo. Anawotcha angapo a eni ake, anapepesa, ena anawathawa, mpaka anawadziwa. Pomwe kampani ija inkatseka, iwo n'kuti atagula kale kontena.

Munthu wolowa m'kontenamo ndi vuto la mphindi khumi amatuluka patapita ola, chifukwa a Shawa sagwira galimoto ya munthu asanamve ulaliki wa pa shelefu. Amatsitsa mabokosi limodzilimodzi, kulipukuta ndi mkono wa shati, n'kumuonetsa.

"Iyi ni ya lole," amatero. "Ilibe changu. Mphamvu yake ili pansi, pa giya wani na thu, kuti idonse simenti pa chitunda. Injini ikapya, yeka ichepetsa mafuta, olo dalaiva alile bwanji. Iyi ni ya ku Kabulonga, ya vimotoka vikulu vija. Iziba vintu vambili, manje ni yodandaula. Tayala yachepa mphepo, idandaula. Kiyi si yake, ikana kunyamuka. Iyi ni ya tumotoka twa amadamu a ku Woodlands. Iumila mafuta monga inagula yeka, pa maloboti izimya injini, mwine wake ayamba kupemphela kuti motoka yafa."

Lomaliza limakhala la galimoto ya maliro, ndipo limeneli amalinyamula ndi manja awiri. Analikonza okha kuti galimoto iziyenda mwendo wa munthu kuchokera ku tchalitchi mpaka kumanda, osadumpha, osatentha, osazima pakati pa nyimbo. Amati palibe kasitomala wa galimoto imeneyo anabwerapo kudzadandaula, n'kuseka okha. Nthabwala imeneyi ayinena kwa zaka khumi ndipo sinawakwanebe.

Koma pali shelefu ya pansi imene ulaliki sufikapo. Pamenepo ndi pa mabokosi a minibasi, ndipo amakhala awiriawiri ngati nsapato.

Zimayenda chonchi. Mwini basi amabwera ndi nkhawa zake: matayala akutha, dizilo akungomwedwa, ndipo usiku sagona poganiza za ngozi. A Shawa amamuikira bokosi lomanga liwiro pa 80, loumira mafuta, lofatsa pa phazi. Amamata kapepala ka chidindo pamwamba pake, amagwirana naye chanza, amamuuza kuti agone tulo. Pakapita masiku awiri kapena atatu, dalaivala wa basi yomweyo amatulukira, nayenso ndi nkhawa zake. Pa msewu amene wafika msanga pa siteji ndiye amakokolola anthu, ndipo basi yomangidwa pa 80 imapeza anzake atasesa kale. Ndiye a Shawa amawerama n'kutenga linzake la pa shelefu ya pansi, lopanda malire, lolumpha phazi likangokhudza, lomwa dizilo ngati ali pa ukwati. Mabokosi onse awiri amawaphunzitsa kiyi mmodzi, moti kusinthanitsa ndi mabawuti anayi ndi pulagi. Tsiku loti mwini wake akufuna basi, kapena loti ikayesedwe, la abwana limabwerera pamalo pake. Za kapepala ka chidindo musadandaule, ali nato mpukutu wonse mudilowa.

"Ine sindine polisi," amatero akafunsidwa ndi chikumbumtima, poti palibenso wina ankawafunsa. "Bwana afuna vake, dalaiva afuna vake. Onse ni ana a Mulungu."

Tisawanamizire, si iwo okha amadya chonchi mu Lusaka. Koma akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo mvula ya a Shawa inachokera kunyumba kwawo ku Chelstone.

Akazi awo, a Imelda, anagwira ntchito yosunga mafayilo mu ofesi ina ya boma kwa zaka makumi atatu. Za shelefu ya pansi ankazidziwa bwinobwino. Nthawi ya mvula kontena ikamadontha, mabokosi awiriawiriwo ankagona mu wodiropu yawo, pakati pa zitenje, ndipo sanafunsepo kanthu chifukwa mabasiwo anali a eni ake. Ndi mayi wa Chigwirizano cha azimayi ku Reformed, wolankhula pang'ono, woti akakuyang'ana pamwamba pa magalasi umakumbukira machimo a chaka chatha. Penishoni yawo itatuluka sanafunse nzeru kwa aliyense. Anangofika nayo pakhomo minibasi yoyera, itaima pansi pa mtengo wa mapeyala, ana a m'nyumba zoyandikana akuisisita.

"Atate a Deborah," anatero a Imelda, kiyi ali m'manja, "basi iyi ni zaka zanga makumi atatu. Ikagwa, kulibe ina. Muikemo bokosi imodzi. Imodzi chabe."

"Amake Deborah, nanga ine ningadye nyumba yanga?"

"Mbuzi imadya pamene aimangilila."

Mawu amenewa anawalasa a Shawa. Iwo ankawakonda akazi awo, ankawaopanso, ndipo zinawapweteka kuona kuti munthu amene agona naye nyumba imodzi moyo wonse akuwapatsa kiyi ngati akupatsa fisi mbuzi kuti aisunge. Analumbira kuti bokosi likhala limodzi, popanda machenjera. Mumtima ankafuna chinthu chimodzi chokha, kuti tsiku lina amve akazi awo akunena ndi pakamwa pawo kuti manja a amuna awo ndi odalirika.

Ndipo anayesetsa ndithu. Masiku atatu anatseka kontena n'kuyala mabokosi pa benchi. La lole analikana, lingapangitse basi kuyenda ngati yanyamula njerwa. Loumira mafuta kwambiri analikananso, lingazime pa chitunda anthu atadzaza. Anasankha lina labwino, nalikonza kuti likoke mofatsa ponyamuka, lisamale injini ikatentha, ndipo likafika pa 80 liziti apa ndi pomwepa. Sanagwirepo ntchito yoyera chonchi chiyambire.

Vuto linali dalaivala. A Imelda anasankha Bruce, mwana wa mnzawo wa ku Chigwirizano, bambo wa ana awiri woimba bwino mu kwaya. A Shawa ankamudziwa Bruce kuchokera ku shelefu ya pansi, pa mabasi atatu osiyanasiyana, ndipo anayesa kutsutsa.

"Chabwino," anatero a Imelda. "Nipatseni dzina la dalaiva mmodzi amene sanabweleko ku kontena kwanu."

A Shawa anaganiza, anakanda m'mutu, anayang'ana kudenga. Bruce analembedwa ntchito.

Tsiku lachitatu masana, minibasi yoyera inaima pa kontena, Bruce n'kutsika akumwetulira ngati wabwera kudzatenga katundu wake amene anasungitsa.

"Shani, ba mudala. Nabwela kutenga yanga."

"Yako iti?"

"Bokosi ya dalaiva. Monga mwa masiku onse."

"Iyi ni basi ya akazi anga, Bruce."

"Niziba. Manje ba madamu bafuna kashing'i yokwana daile, ndalama yao ya tsiku na tsiku, na basi yamene iyenda monga ya malilo. Pa Great East banzanga banipitilila, nipeza masiteji yapyangiwa, kulibe bantu. Nizadya chani?"

"Sinizaika."

Aka kanali koyamba a Shawa kukana munthu m'kontenamo, ndipo mawuwo anawatuluka mwachilendo. Bruce sanakwiye. Anakhala pa mpando wa makasitomala n'kuyamba kutchula mayina a eni mabasi, mmodzimmodzi, mofatsa, ngati akuitana kwaya. Onse anali anthu amene anagwirana chanza ndi a Shawa n'kuuzidwa kuti agone tulo. Anati Loweruka eni mabasiwo ali ndi msonkhano, ndipo iye akhoza kudutsako kukawapatsa moni.

Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Akamupatsa Bruce bokosi lake, aphwanya lumbiro ndipo basi ya akazi awo ithera mu ngalande. Akamukaniza, kontena itsekedwa, mwina ndi iwo ali momwemo. Anamuuza kuti abwere Lachisanu.

Apa ndi pamene nzeru za a Shawa zinafika pachimake, ndipo ndi pamenenso zinawapha. Anakumbukira kuti pa basi ya mtundu umenewu, muvi wosonyeza liwiro pa dashibodi sudziwa kanthu pawokha, umangonena zimene bokosi lawuuza. Ndiye anakonza bokosi lachitatu, limene silinakhaleko pa shelefu iliyonse mu Lusaka. Mkati mwake linali la abwana ndithu, lomangidwa pa 80. Koma linkanamiza muvi. Basi ikamayenda 40, muvi unkaloza 60. Ikafika pa 80 yake ija, muvi unkaima monyadira pa 120. Kuti bodza likhale ndi mawu, a Shawa anavula shati yoyera, nagona pansi pa basi ngati makanika wamba, n'kuboola kabowo pa paipi ya utsi kuti injini izibangula.

Bruce anakaiyesa, nabwerako maso ali gwa. "Ba mudala, iyi ni ndeke," anatero, ndipo anawagwira chanza ndi manja awiri.

Akazi awo sanawauze. Akanawauza bwanji, poti lumbiro linali la bokosi limodzi popanda machenjera, ndipo ili linali bokosi lachitatu lodzaza machenjera okhaokha? Anaganiza kuti adzaulula patsogolo, basi ikadzakalamba bwinobwino popanda chipsera, n'kudzaseka limodzi.

Milungu itatu inadutsa mokoma. Basi inkabangula pa Great East Road ikuyenda liwiro la munthu woopa Mulungu, Bruce atagwira chiwongolero mwamphamvu, akudzimva kuti akuuluka. Kamodzi anabwera kudzadandaula kuti mnzake Mpundu amamupitirirabe ngakhale muvi uli pa 120.

"Mpundu achita 160," anatero a Shawa mwachisoni. "Musiye, afuna kufa."

Bruce anapukusa mutu pomumvera chisoni Mpundu, ndipo kuyambira pamenepo akapitiriridwa ankangonena kapemphero. Matayala sankatha, dizilo ankakhalitsa. A Imelda anayamba kuwaikira amuna awo chiwalo chachikulu cha nkhuku osanena chifukwa chake. A Shawa anasangalala kuposa nthawi ina iliyonse pa moyo wawo, ndipo ankadziona ngati munthu wolungama.

Kenaka kunagwa maliro a mkulu wa mpingo, oti akaikidwe ku Chongwe. Mpingo unachita hayala lole ya azibambo ndi basi ya azimayi. M'mawa wa tsikulo lole inafika, koma basi ya hayala inafera pa geti la tchalitchi. Azimayi a Chigwirizano ataima pa dzuwa ndi mayunifolomu awo, a Imelda anatulutsa foni, ndipo mawu awo anamveka mpaka ku msewu.

"Bruce, tsitsa bantu, bwela ku chechi manje manje."

A Shawa anamva zonse. Nthawi yosinthanitsa mabawuti anayi aja panalibe. Anayesa kukwera lole ndi azibambo anzawo, koma akazi awo anawakodola. Basi ndi ya pabanja, anatero, akwere momwemo. Anakhala mpando wachiwiri, pakati pa azimayi awiri onenepa, pamalo poti ankaona bwino muvi ndi duku la akazi awo, amene anakhala kutsogolo pambali pa dalaivala monga mwini wake.

Bruce naye sanali chitsiru. Abwana ali pambali, anasunga muvi pa 80 ndendende. Koma 80 ya muvi umenewo inali 50 ndi kanthu pang'ono. Atadutsa mphambano ya ku bwalo la ndege, msewu utatseguka, basi inkangokwawa ikubangula. Lole yonyamula mchenga inawapitirira. Azimayi anamaliza nyimbo zinayi. Wina kumbuyo anati pa liwiro limeneli akapeza manda atafotsera kale, anthu akusamba m'manja.

"Bruce, ponda," anatero a Imelda.

"Tili pa 80, madamu."

"Ponda mpaka pansi, usayope." Anatembenuka n'kuyang'ana azimayi anzawo, ndipo nkhope yawo inali yowala. "Basi iyi siingapitilile 80 olo muiponde bwanji. Anaimanga ni atate a Deborah na manja awo. Amuna anga ali na vawo, koma pa vintu va ine sachita masewela."

Amenewa ndi mawu amene a Shawa anawadikira moyo wawo wonse, ndipo ananenedwa pamaso pa Chigwirizano chonse. Misozi inalengeza m'maso mwawo. Azimayi awiri aja anawagwedezera mitu mwaulemu. Bruce anawayang'ana pa galasi ngati munthu womira, koma madamu anali atalamula, ndipo phazi linatsika.

Muvi unachoka pa 80. Unadutsa 90. Pa 100 nyimbo inayamba kuchepa mawu, pa 110 inatheratu. Unakaima pa 120, injini ikubangula kudzera pa kabowo kaja ngati ikufuna kutuluka. Mayi wina anayamba kupemphera mokweza, kupereka ana ake m'manja mwa Ambuye mmodzimmodzi. Panthawi yomweyo lole ya azibambo, imene inanyamuka mochedwa, inawapitirira bwinobwino, madoda ali pamwamba atagwira zipewa, ena akubayibitsa.

A Imelda sanakuwe. Anayang'ana muvi nthawi yaitali, kenaka anati, "Chepetsa, Bruce." Sanatembenukenso mpaka ku Chongwe. Kumanda anaima kutali ndi amuna awo, ndipo pobwerera a Shawa anakwera lole.

Mlandu unazengedwa madzulo omwewo pa khonde, dzuwa lisanalowe. A Shawa anaulula zonse: za Bruce, za msonkhano wa eni mabasi, za bokosi lachitatu, za kabowo. Analankhula zoona zokhazokha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, chinthu chimene sanazolowere, ndipo mwina n'chifukwa chake zinkamveka ngati bodza.

"Ndiye mukamba kuti maso anga ananama," anatero a Imelda.

"Maso anaona bwino. Muvi ndiye unanama."

"Anaunamizitsa ndani?"

"Ine. Koma chifukwa cha imwe."

"Munanama chifukwa cha ine."

"Amake Deborah, ganizani. Lole ya azibambo inatipitilila. Lole yodzala na bantu ingapitilile basi ili pa 120?"

"Lole ija sinabweleko ku kontena kwanu?"

Inabwerako. Malire a liwiro anaichotsera ndi iwo omwe.

"Ndiye kuti mwaononga Lusaka yonse," anatero a Imelda.

Anapempha kuti mawa akwere limodzi, awaonetse liwiro lenileni pa foni. A Imelda anati foni nayonso ili ndi kabokosi mkati, ndipo munthu woti amanamiza basi sangalephere kunamiza foni. Atasowa pogwira, a Shawa anati aitane Bruce, amene anali akutsuka basi pansi pa mtengo wa mapeyala. Kumeneku kunali kulakwa kwawo komaliza. Bruce anabwera chipewa chili m'manja, nagwada, n'kuvomera kuti anapempha bokosi la dalaivala ndipo ba mudala anamupatsa.

"Muuze zoona," anatero a Shawa. "Basi ija siipitilila 80. Muvi niinaukonza kuti uzikunamiza. Milungu yonse iyi unali kuyenda 80."

Bruce anadzuka pamene anagwada. Kuvomera tchimo anavomera, koma kunyozedwa sakanalola.

"Awe, ba mudala, apo musaname. Ine niyendesa basi zaka twelofu. Sipidi niimvela mu tupi. Ija inali 120."

Bruce anakhululukidwa pomwepo, poti anaulula ndiponso analira pang'ono. A Imelda anati mwana salakwa yekha akulu ali pomwepo. Kiyi anatenga n'kumuika m'chikwama chawo cha ku tchalitchi.

Lolemba basi inapita ku Heavy Industrial Area, kwa Clive. Clive ndi bambo amene anagwira ntchito m'kontena ya a Shawa zaka zisanu ndi chimodzi asanatsegule malo ake, ndipo zonse zimene amadziwa anaziphunzira pa benchi yawo. Masana Clive anawaimbira foni a Shawa.

"Ba mudala, naiwelenga bokosi yanu. Iyi ni nzelu. Sininaonepo."

"Waona kuti ni yomanga pa 80?"

"Naona."

"Uza amake Deborah. Niwe weka angakumvele."

Clive anatsokomola. Anati nkhani za m'banja iye salowerera. Anatinso madamu ndi kasitomala watsopano, ndipo kasitomala akabwera atakwiya ndi wina, si nzeru kumubweza kumene wachokera. A Shawa anafuna kumutukwana, koma anakumbukira amene anamuphunzitsa mfundo imeneyo.

Clive anaika bokosi la abwana, namata kapepala ka chidindo, nawotcherera kabowo ka pa paipi, n'kuuza a Imelda kuti agone tulo. Lamlungu a Imelda anakwera basi yawo popita ku tchalitchi, analamula Bruce kuti aponde mpaka pansi, muvi unaima pa 80, ndipo anafika kunyumba akuyamikira kuti mu Lusaka mukadali achinyamata oopa Mulungu.

A Shawa sankafunika laputopu kuti adziwe zotsatira. Lachitatu m'mawa ali pa siteji ya ku Chelstone kudikira basi yopita ku tauni, anamva injini ikubwera, ndipo khutu lawo linazindikira kalumphidwe kake asanaione n'komwe. Inali minibasi yoyera ija. Inanyamuka pa siteji ngati yalumidwa, ndipo ulendo uno panalibe kabowo kapena muvi wabodza. Linali bokosi la dalaivala lenileni, lokonzedwa mwaluso ndithu, poti Clive anaphunzira bwino. Mantha anawagwira, mantha enieni, a munthu amene akudziwa zimene tayala lakutsogolo limachita likaphulika pa liwiro limenelo. Anaganiza za zaka makumi atatu za akazi awo. Kwa nthawi yoyamba anaganizanso za anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi okhala mkatimo, ndipo anachita manyazi kuti zawatengera zaka zonsezi.

Madzulo anawauza akazi awo. A Imelda anapitiriza kusankha nyemba m'lichero.

"Nsanje siizakuthandizani, atate a Deborah."

Ndiye anachita chokhacho chimene chinatsala. M'mawa mwake sanapite ku kontena. Anadikira basi ya akazi awo pa siteji, nakwera mpando wakutsogolo, nalipira ngati wina aliyense, n'kukhala maso ali pa muvi. Ukangoyandikira 80 ankagwira Bruce pa bondo n'kunena kuti, "Pang'ono." Anapita ku tauni, anabwerera, anapitanso, tsiku lonse. Makasitomala ankawaimbira foni ali pa kontena yotseka, iwo osayankha. Bruce ankatukwanira m'mimba, koma munthu wamkulu atakhala pambali pake, phazi linkamvera. Anachita zimenezi masiku anayi, ndipo msana unawapweteka, koma madzulo alionse basi inkalowa pa geti yathunthu.

Tsiku lachisanu anafika pa siteji molawirira. Basi inabwera, inaima, anthu anayamba kukwera. A Shawa atagwira chitseko chakutsogolo, kondakitala, bambo wandevu amene dzulo lake lomwelo ankawatchula kuti bosi, anaika mkono pakati.

"Pepani, ba mudala. Ba madamu bakamba kuti imwe musakwele."

"Ni basi ya akazi anga."

"Ndiye bamene bakamba. Ati mugwilagwila mawaya pansi pa dashibodi."

A Shawa anayang'ana Bruce. Bruce ankakonza galasi. Chitseko chinatsekedwa, basi inalumpha n'kulowa mumsewu, ndipo iwo anaima pamenepo ndi chikwama cha laputopu, akumvetsera magiya akusinthidwa, lachitatu, lachinayi, lachisanu, mpaka phokoso linasakanikirana ndi la magalimoto ena.

Basi yotsatira inaima patsogolo pawo. Anakwera, poti kontena inali itatsekedwa masiku anayi ndipo munthu ayenera kudya. Dalaivala anawaona pa galasi, nkhope yake n'kuwala. Anali Mpundu.

"Ah, ba Shawa. Bwelani kusogolo, mudala wanga. Bokosi yanu ikali kusebenza bwino maningi. Lekani nikuoneseni."

A Shawa anakhala pansi n'kufunafuna lamba wa pampando. Panalibe.